Kachidole Kamene Kanadzaza Ofesi

Ine ndine Rigoberto, amene chithunzi cha m'mimba mwake chinakhala pa filiji ya kuofesi mwezi wathunthu, ndiye mukamva kaukali m'mawu angawa musadabwe. Zimene zinakambidwa Lolemba lina lakumapeto kwa Januwale m'kachipinda kagalasi ka abwana athu sindinazimve ndi makutu anga. Anandifotokozera patapita miyezi Don Chencho eni ake, osadumpha ngakhale liwu limodzi, chifukwa bambo amenewo ukawafunsa amayankha. Vuto lathu linali loti sitinkawafunsa.

Chithere mliri, ife a kampani ya inshuwalansi ku Guadalajara kuno tinazolowera kugwirira ntchito kunyumba titavala zogonera, mpaka eni kampani ku Monterrey ananena kuti mipando ikapanda kudzaza kufikira kumapeto kwa Febuluwale, asiya kulipira lendi. Ife sizinatisowetse tulo. Zinasowetsa tulo Licenciada Berenice Zamudio, amene timangowatchula kuti a Lic, poti woyang'anira ofesi, ofesiyo ikatsekedwa, amakayang'anira khoma la kwawo. Kenaka mwadzidzidzi mu Januwale tonse tinayamba kubwera tsiku ndi tsiku, ndipo a Lic anaitana Don Chencho, mkulu woona za ngozi za galimoto, kuti awatsimikizire chimene iwo anali atatsimikiza kale: kuti zonsezi ndi nzeru zawo.

"Khalani, Don Chencho."

Don Chencho anayang'ana chithumba chofiira chimene a Lic anagula kuti tizikhalira m'malo mwa mipando.

"Ndingoima, a Lic. Ndinakhalapo kamodzi pamenepo, anandidzutsa anthu awiri."

"Chabwino, imani. Madzulo ano ndilankhula ndi a ku Monterrey. Akufuna kudziwa chimene ndachita kuti anthu abwerere kuofesi. Ndasankha inu chifukwa simunama. Anzanuwa ndikawafunsa amangondiuza zondisangalatsa."

"Ine sindikusangalatsani."

"Tiona. Tiyambe ndi tebulo la pimpong. Limakuthandizani?"

"Kwambiri."

A Lic anamwetulira, natola cholembera.

"Eya. Limakuthandizani motani?"

"Ndi lalikulu. Mafayilo a ngozi za mabasi amakwanapo onse."

"Ndikunena kusewera."

"Timpira tinatha mu Novembala. Komaliza kanalowa m'makina oziziritsa mpweya. Ndi kamene mumamva kakulira masana."

"Ine ndimayesa ndi mbalame."

"Ayi. Ndi kampira."

"Nanga maluwa? Maluwa amatsitsimula maganizo, zimenezo n'zodziwika."

"Ndi apulasitiki."

"Koma amaoneka ngati enieni."

"Zoona. Doña Amparo anawathirira mwezi wonse. Atazindikira anakwiya, sanabwere sabata ziwiri."

A Lic anakhwatcha chimene anali atalemba.

"Chikwangwani cha pakhomo chija. 'Pano ndife banja limodzi.' Musandiuze kuti chimenechonso..."

"Chimenecho ndiye chinathawitsa Nayeli. Anati banja ali nalo kale limodzi ndipo likumukwana."

"Koma anthu akubwera, Don Chencho." A Lic analoza kunja kwa galasi ndi cholembera. "Taonani. Mpando uliwonse uli ndi mwini wake. Nayeli yemweyo uyo. Leobardo anasamukira kunyanja ku Vallarta, ankayankha makasitomala mapazi ali mumchenga, lero uyo apo wamanga tayi. Mukufuna kundiuza kuti zangochitika zokha?"

"Ayi, sizinachitike zokha."

"Eya, tsopano mwayamba kulankhula. Ndiye chawabweza n'chiyani?"

"Mwana."

"Mwana wa ndani? Alipo woyembekezera?"

"Wa m'buledi, a Lic."

Cholembera chija chinaima.

Lamulo lake palibe amene salidziwa. Pa 6 Januwale, tsiku lokumbukira Mafumu atatu amene anakaona Yesu atabadwa, mumadula buledi wozungulira uja, ndipo mkati mwake wophika amakhala atabisamo kachidole koyera ka Mwana Yesu, kakafupi kuposa chala chaching'ono. Kakapezeka m'chidutswa chako, pa 2 Febuluwale umabwera ndi matamale, zikondamoyo zokhala ndi nyama mkati zophikira m'makoko a chimanga, okwanira aliyense amene anadya nawo bulediyo. Chaka chimenecho, tsiku la buledilo tinabwera tonse, poti chakudya chaulere sichidutsa pa kompyuta. Buledi anatha mpaka nyenyeswa, koma mwana sanaoneke.

"Wophika anaiwala kuikamo," anatero a Lic. "Zimachitika."

"Sanaiwale. Ndinaima pomwepo akuikamo. Kachidole kamodzi, monga munandituma."

"Ndiye kanagwa pansi."

"Ndinasesa."

"Kanatsalira m'katoni."

"Katoniyo ndinaing'amba, n'kuigwedeza."

"Ndiye wina anameza mosadziwa, basi. Kanthu kakang'ono."

"Anthu akuti anameza. Koma akuti modziwa."

"Chabwino, ngakhale zili choncho, zikukhudzana bwanji ndi kubwera kuntchito?"

"M'mawa mwake anthu anabweranso kudzakambirana nkhaniyo. Rigoberto yekha ndiye anagwirira ntchito kunyumba."

"Ndi ufulu wake."

"Inde. Koma pofika masana ofesi yonse inali itagwirizana kuti ali kunyumba kudikira kuti katuluke."

Chinali chimfine. Ndikunena pano kuti zidziwike, chinali chimfine, ndipo mayi anga ndi mboni.

"Atamva anapita kukajambulitsa m'mimba kuchipatala," anapitiriza Don Chencho. "Chithunzicho anachimata pa filiji. Mulibe kanthu."

"Ndiye nkhani inathera pomwepo."

"Ayi. Leobardo akuti pulasitiki saoneka pa chithunzi chotero. Doña Amparo akuti nthitizo ndi za mlamu wake wa Rigoberto."

"Amazidziwa bwanji nthiti za mlamu wa munthu?"

"Sindinawafunse."

A Lic anagwira chipumi.

"Chiyambire tsiku limenelo palibe wajomba," anatero Don Chencho. "Chaona mnzako chapita, a Lic. Lamulo lilipo tsopano ndi lakuti wosabwera ndiye wameza. Nayeli anali ndi ukwati wa mkulu wake Lachinayi. Anangopita kutchalitchi, n'kubwera kuno ndi diresi lomwelo, maluwa ali m'manja. Ukalowa kuchimbudzi Leobardo amayang'ana wotchi."

"Don Chencho, tamverani." A Lic anaimirira, nayamba kuyendayenda monga amachitira akafuna kutiphunzitsa. "Anthu awa ndi ophunzira. Ena ali ndi madigiri awiri. Munthu wamkulu sangadzuke mbandakucha, n'kupanikizana m'basi kudutsa mzinda wonse, chifukwa cha kapulasitiki kosakwana chala. Zimenezo sindingauze a ku Monterrey, ndipo sindikuzikhulupirira. Chawabweza ndi makina a khofi. Ndinachita kuwaitanitsa kunja."

"Anawonongeka sabata yomwe ija."

"Anawonongeka? Bwanji osandiuza?"

"Palibe anaona vuto. Makinawo ali kuseri kwa khoma. Ukapita kukatenga khofi, umasiya anthu akukamba za iwe."

"Ndiye ndi nyimbo zapansipansi zija ndinaika m'khonde."

"Anazimitsa. Zinkalepheretsa anthu kumva zimene ena akunong'onezana."

"Ndi ine ndiye. Utsogoleri. Anthu amaona bwana akufika m'mawa tsiku lililonse, amachita manyazi."

"Munkafika m'mawa chaka chonse chatha, a Lic. Sankakuonani. Anali kunyumba."

A Lic anakhalanso pansi.

"Koma ntchito ikuyenda bwino kuposa kale, eti?"

"Yatsika."

"Pang'ono?"

"Ayi."

"Aa, zimenezo sitilemba. A ku Monterrey amawerenga mipando."

"Musade nkhawa," anatero Don Chencho, akuwongola lamba. "Ntchito ikwera. Zonsezi zitha lero."

"Zitha bwanji?"

"Doña Cuca wophika matamale amafuna kuuzidwa Lachiwiri lisanathe, kuti agule makoko ndi mafuta. Ndiye nthawi ya chakudya chamasana ndiima pafupi ndi tebulo la pimpong, ndinene amene ali ndi mwanayo."

"Oho. Mukuganizira ndani?"

"Sindikuganizira munthu. Ndinaona."

A Lic anavula magalasi, kuwapukuta ndi kansalu, kuwavala, n'kuwavulanso.

"Munaona."

"Inde. Ndine ndinkadula."

"Ndiye masabata onsewa, anthu akudyana okhaokha, inu muli chete chifukwa chiyani?"

"Palibe anandifunsa."

"Ofesi yonse ikufufuza, mpaka kuwerenga nthiti za munthu pa filiji, osakufunsani inu wodula?"

"Ine amandifunsa za galimoto zogundana, a Lic. Zina sandifunsa."

Pamenepo ndiye pamandiwawa mpaka lero. Desiki yanga ndi ya Don Chencho n'zogundana. Tsiku limene ndinkapita kuchipatala ndinawafunsa kuti ndikwere basi iti, ndipo anandiuza yolondola.

"Maso amanama," anatero a Lic. "Panali anthu ambiri."

"Munthuyo analuma ali pakati polankhula."

"Aliyense ankalankhula."

"Ameneyu ankalankhula kwa onse, za umodzi. Anafika pakuti 'mutu umodzi susenza', n'kusiyira pomwepo. Denga sitinalimve."

"Mwina anatsamwa."

"Anati akukayankha foni."

"Ndiye inali italira."

"Foniyo anaisiya patebulo, pambali pa mpeni wanga. Potuluka tsaya lamanzere linali lotupa. Pobwerera linali litaphwa."

A Lic anatambasula dzanja kuti atseke katani, nakumbukira kuti makatani anawachotsa okha chaka chatha, ati kuti ofesi ikhale yochita zinthu poyera. Anatsitsa mawu.

"Mukufuna chiyani, Don Chencho?"

"Ndikufuna kudziwa ngati matamalewo akhale a nkhuku kapena a nkhumba."

"Musandizungulire, tonse ndife akuluakulu. Desiki ya pawindo?"

"Pawindo dzuwa limawala pa kompyuta."

"Malo oimikapo galimoto, pafupi penipeni ndi khomo."

"Ndilibe galimoto. Ndimaona zimene zimachitikira galimoto."

"Mpando watsopano. Wachikopa, wozungulira."

"Wangawo unandizolowera."

"Ha, koma inu ndinu wolimba. Sindinkakudziwani. Chabwino. Lachisanu lililonse muzigwirira ntchito kunyumba, palibe wokufunsani."

Don Chencho anaoneka ngati atukwanidwa.

"Ine sindinagwirirepo ntchito kunyumba, a Lic, ndipo sindidzagwirirako. Ngakhale nthawi ya mliri ndinkabwera, ine ndi mlonda. Mukafunse."

"Ndiye mukufuna chiyani, abale inu?"

"Doña Cuca amapanganso a tsabola wobiriwira ndi tchizi, koma amenewo amafuna kuneneratu."

A Lic anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kufunafuna ukathyali pankhope pawo. Sanaupeze, poti pankhope pa Don Chencho sipakhala china koma ndevu. Mapewa a a Lic anagwa.

"Mukukumbukira chaka chatha?"

"Kanakugweraninso inu."

"Kanandigwera ine. Ndinakakweza m'mwamba, anthu anaomba m'manja. Pa 2 Febuluwale ndinabwera ndi zidebe ziwiri zodzaza mpaka pakamwa. Chikepe chinali chitafa, ndinakwera nazo ndekha pamasitepe. Ndinayala nsalu ya mayi anga patebulo. Anabwera ndani?"

"Ine ndi mlonda."

"Ena onse anatumiza timitima pa foni."

"Ndinayesetsa, a Lic. Ndinadya mpaka kumasula lamba."

"Ndikudziwa, ndinakuonani. Otsalawo ndinabwerera nawo kunyumba. Tinadya matamale mpaka Pasaka. Mwana wanga akaona khoko la chimanga amatuluka m'nyumba." Anapukuta pakona pa diso ndi kansalu ka magalasi. "Ndiye chaka chino nditamva kakugunda dzino, ndinangoona nsalu ija, mipando yopanda anthu ija. Ndinachita manyazi ndisanagule n'komwe. Ndinati ayi, kawiri ayi."

Apa ngakhale ine ndinawamvera chisoni a Lic pamene Don Chencho ankandifotokozera. Koma pang'ono pokha, chifukwa pamene iwo ankapukuta misozi, matumbo anga anali adakali pa filiji.

A Lic anatsegula chikwama, natulutsa kabokosi ka mankhwala a mutu, n'kukakhuthulira patebulo kuseri kwa kompyuta. Pakati pa mapiritsi panagona kamwana koyera, manja kali pachifuwa. Don Chencho anakatola, nakatembenuza m'dzanja monga amaonera bampala yophwanyika.

"Ndi komweka. Kali ndi dzino lanu pamutu."

"Basi, ndinena ndekha," anatero a Lic, mawu akubwerera m'malo mwake. "Mtsogoleri weniweni amavomera kulakwa. Ndiima pamaso pawo masana ano. Adzaona kuti ofesi ino ndi ya chilungamo, ndipo chilungamocho ndi chimene chizidzawabweretsa. Zimenezi ndiye ndingauze a ku Monterrey."

"Nkhuku kapena nkhumba?"

"Zonse. Ndi a tchizi omwe."

"Chabwino. Tsiku la matamalelo abwera onse, sadzatsala ngakhale mmodzi."

"Mwaona tsono."

"Ndiye ndimuuze wobweretsa madzi akumwa kuti kuyambira Lolemba azisiya chigubu chimodzi basi."

"Chimodzi? Kwa anthu onsewa?"

"Lolemba tidzakhala inu, ine, ndi maluwa. Maluwawo samwa."

"Adzabwera."

"Kudzatani?"

"Pimpong."

"Kulibe timpira."

"Ndigula timpira. Ndikonzetsa makina a khofi. Ndiika chikwangwani china."

"Leobardo nyumba ya kunyanja ija sanaibweze. Chikwama chake chili pansi pa desiki, chomangamanga. Akuti akangodziwa, basi ya usiku womwewo."

"Nayeli?"

"Anagula mpando wabwino kunyumba."

"Doña Amparo?"

"Za maluwa zija sanakukhululukireni."

A Lic anayang'ana kalendala ya pakhoma, pamene kumapeto kwa Febuluwale anazunguliza ndi inki yofiira.

"Don Chencho, ndifunse. Mwana akapanda kupezeka pofika pa 2 Febuluwale, mwambo umati chiyani?"

"Sunena kanthu. Mlandu suwola."

"Ndiye anthu..."

"Azibwerabe. Doña Amparo amayenera kupuma pantchito mu Malichi, koma akuti sachoka asanadziwe."

"Sindikunena kuti ndikukhulupirira zoti akubwera chifukwa cha kachidole. Ndi khofi."

"Makinawo anawonongeka."

"Ndamva. Ndikungoti, tiyerekeze. Mungathe kuiwala zimene munaona?"

"Ayi."

"Mungathe kunena kuti simunaone bwino?"

"Ndinaona bwino."

"Mungathe kunena kuti anali munthu wofanana ndi ine?"

"Wofanana ndi inu kulibe, a Lic."

"Zikomo."

"Ndimanena za tsaya."

"Koma kukhala chete mungathe. Mwakhala chete masabata onsewa."

"Masana ano ndikhoza kusaima pa tebulo lija. Kumeneko si kunama. Koma munthu akandifunsa, ndiyankha."

"Mwanena nokha kuti sakufunsani."

"Lero andifunsa. Ndakhalitsa muno, chitseko chili chotseka. Taonani."

A Lic anadzutsa mutu. Kunja kwa galasi tonse tinali titawayang'ana, ndipo tonse nthawi imodzi tinatembenukira ku makompyuta athu, ena ake osayatsa n'komwe.

"Zatha," anatero a Lic motsitsa. "Ndikanena, Lolemba muno mulibe munthu. Ndikapanda kunena, akufunsani, munena, Lolemba muno mulibe munthu, ndipo ine ndine wakuba mwana. Ntchito ndiye yapita basi." Anaseka kaseko kopanda mano. "Zaka zonsezi ndikugula matumba ndi maluwa. Ndikanangogula zidole." Kenaka anawayang'ana ngati akuwaona koyamba. "Nanga inuyo? Inu za kachidole mumadziwa kale, tebulo mumayalapo mafayilo, khofi simumwa. Mumabwera chifukwa chiyani?"

Don Chencho anatembenuzanso kachidole kaja m'dzanja.

"Chimwalirire akazi anga a Ofelia, kunyumba kwanga kumalankhula filiji yokha."

"Pepani."

"Chaka chatha kuno kunalinso zii, koma kunali mlonda. Masabata awa ndiye kuli phokoso. Sandifunsa kanthu, koma amakanganirana pafupi nane. Sabata yatha Nayeli anatsamira pa desiki yanga pokalipira Leobardo, anaiwalapo lalanje."

"Munamubwezera?"

"Inde. Anati ndidye."

"Ndiye ofesi ikatsekedwa..."

"Ndipita ku filiji."

M'makina oziziritsa mpweya kampira kaja kanayamba kulira.

"Ndipatseni kachidoleko," anatero a Lic, akutambasula dzanja. "Ndikanene ndekha asanakuvutitseni."

Apa ndiye ndinalowerapo ine. Ndinali nditaona kwa kanthawi kuti Don Chencho afumbata chinachake, ndipo munthu amene wanamiziridwa amakhala ndi maso ngati a kabawi. Ndinadzuka, ofesi yonse ikundiperekeza ndi maso, n'kutsegula chitseko osagogoda.

"Pepani a Lic. Don Chencho, m'dzanjamo muli chiyani?"

Zaka zonsezo tikugundanitsa madesiki, limenelo linali funso langa loyamba losakhudza galimoto kapena basi. Don Chencho anayang'ana a Lic. Anayang'ana ine. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kumene anthu onse anali ataimirira. Kenaka anakweza chibakera chija kukamwa, natenga tambula ya madzi ya a Lic, n'kumwa onse osapumira. Kholingo linakwera, linatsika, linakweranso. Anatambasula dzanja pamaso panga.

"Tsopano mulibe kanthu."

"Nanga munali chiyani?"

"Mankhwala a mutu," analumphira a Lic, akuloza mapiritsi ali mbwee patebulo. "Sukuona? Munthu wamkulu akudwala, iwe ukulowa muno ngati m'khola. Kugogoda unakusiya kunyumba? Ndi khalidwe limeneli anthu amakukayikira nalo, Rigoberto."

Ndinapepesa. Ndinapepesa ine, kwa wakuba ndi kwa womeza, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti ndisawonjezere mutu wa Don Chencho. Nditabwerera pa desiki, Doña Amparo anauza Nayeli mokweza kuti wolakwa ndiye amathamangira kuloza anzake.

Zotsalazi ndi zimene zinanenedwa nditatuluka.

"Don Chencho. Mwameza?"

"Ndameza."

"Inu amene simunama?"

"Sindinaname. Munanama ndinu."

"Muli bwino koma?"

Don Chencho anagwira pakhosi, natsitsa chala mpaka pachifuwa.

"Kaima apa. Kali chopingasa." Anadikira, maso ali kudenga. "Kadutsa."

"Mayo ine. Ndikuitanireni dokotala?"

"Ayi. Wa Rigoberto ndi wodula."

"Nanga Doña Cuca?"

"Ndimuuza kuti chaka chino tilibe mwini matamale. Ndi zoona, mwini wake sakudziwika bwino tsopano. Analuma ndi wina, ali nako ndi wina."

"A ku Monterrey ndiwauza kuti ndi makina a khofi."

"Zimenezo munene ine nditatuluka."

Anawongola tayi, nayenda kupita kuchitseko, pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Atagwira chogwirira anaima. Dzanja linalo linali pamimba.

"A Lic, ndipempheko kanthu kamodzi."

"Chilichonse, Don Chencho. Windo, mpando, tchuthi, tchulani."

"Mawa ndigwirire ntchito kunyumba."